Mmene Ndinamvera za Maliro Anga

Tereza ndi Paulo, ana anga, mwakhala mukundiseka kuti bambo wanu ali ndi madipuloma pakhoma koma kucheza ndi anthu sakutha. Mukunena zoona. Tsopano ndapuma ntchito, maso ayamba kuchita chidima, ndiye ndaganiza zolemba za zaka zimene zinandiumitsa pakamwa. Za ubwana sindilemba. Ndinaweta mbuzi ndi kukwapulidwa ku misoni monga anzanga onse. Ndiyambira pamene ndinayamba ntchito.

1978, Mualadzi

Ntchito yanga yoyamba inali ya uphunzitsi, kwathu komweko ku Mualadzi, pa sikola yofolera ndi udzu imene makolo anamanga okha. Mudzi wathu wa Kamwala sunali kutali, choncho ndinkagona kwa amayi n'kumapita ku ntchito pa njinga ya atsibweni anga, a Lukasi, mlongo wa amayi. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo atsibweniwo ndiwo ankayang'anira mbumba yathu: amayi, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono Roza. Amayi, a Nambewe, sankadziwa kuwerenga ngakhale dzina lawo, koma mawu akuti purofesoro, amene kwathu timatchulira mphunzitsi, anawagwira msanga, ndipo dzina langa la Anselmo analiika pambali. Ankandiitana choncho ngakhale pondituma. "Apurofesoro, nkhuku zija zabwereranso pa mphale." Ine n'kudzuka ndi upurofesoro wanga wonse kukathamangitsa nkhuku.

Pa sikola tinalibe kanthu. Choko chikatha tinkalemba pa bolodi ndi chinangwa chouma, ndipo ana ena ankadya zidutswa zake ndikangotembenuka. Mkulu wathu, diretolo, anali a Mazive, munthu wa kum'mwera kwa dziko, wolimbikira ntchito koma wosamva liwu limodzi la chinenero chathu. M'mawa uliwonse ankaima pansi pa mbendera n'kuuza ana m'Chipwitikizi kuti kuno kulibe Mchewa, kulibe Mnyungwe, kulibe Msena, kuli Mmozambiki yekha. Ine ndinkakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Tsiku lina kunabwera bambo wina kudzalembetsa mwana. A Mazive atafunsa kumene mwanayo anabadwira, bamboyo anati ku Zambia, chifukwa chipatala chapafupi chinali kumeneko, koma munda wawo uli kuno, ndipo agogo ake a mwanayo anagona kuno. "Ndiye mwanayu ndi wa kuti?" anafunsa a Mazive, ine ndikumasulira. Bamboyo anatiyang'ana ngati takalamba osaphunzira. "Ndi wa kwa amayi ake," anatero. Funso la a Mazive lija ndinayenda nalo zaka zambiri osadziwa kuti lidzakhala ntchito yanga.

1983–1985, Nsadzo

Nditachita maphunziro ena a zaka ziwiri ku Maputo, anandituma ku Nsadzo kukakhala diretolo wa sikola ina yaing'ono. Tinali aphunzitsi awiri, ine ndi mnzanga Fernando, amene ankaimba bwino koma masamu ankawaopa kuposa ana ake. Malipiro ankafika mochedwa, ndipo akafika munalibe chogula m'sitolo. Sopo ndi mchere zinkachokera ku Zambia pa njinga za amalonda. Nkhondo tinkangoimva ngati ya kwa eni ake, kenako inayandikira. Anthu a mfuti aja, amene tinkangowatchula kuti a kutchire, akalowa pamudzi ankayamba kufunsa za mphunzitsi, namwino ndi mlembi wa mudzi, chifukwa kwa iwo ifeyo ndife tinali nkhope ya boma. Tinkaphunzitsa khutu limodzi lili kunja.

Anafika m'mawa wina mu 1985, ana asanasonkhane. Ine ndinali kumtsinje kukachapa malaya anga okhawo abwino. Ndinamva mfuti, ndinaona utsi, ndipo miyendo inaganiza msanga kuposa mutu. Fernando anali m'kalasi, ndipo sanatulukemo. Ndinayenda m'tchire mpaka ku Cassacatiza, pa malire a Zambia, malaya onyowa ali m'manja. Kwathu ku Kamwala sindikanapita, njira zonse za kumeneko zinali zitagwidwa kale. Pamalirepo ndinapeza wamalonda wa mchere amene ankadziwa atsibweni, ndipo ndinamupempha akawanong'oneze kuti Anselmo ali moyo, wapita ku Tete. Ndinakwera galimoto za mdipiti woperekezedwa ndi asilikali. Yankho lochokera kwathu silinabwere chaka chimenecho, ngakhale chotsatira.

1986–1989, Tete ndi ku Ulaya

Ku Tete anandiika mu ofesi ya maphunziro, kumene ntchito yanga inali kulemba mayina a masikola amene atsekedwa. Chaka chisanathe, akuluakulu anandisankha kuti ndikapitirize maphunziro ku Portugal. Anzanga anandichitira nsanje, ine ndinapita ngati katundu. Ndinamaliza digiri yoyamba, kenako ndinalowa maphunziro apamwamba aja amene kumeneko amati mesitrado, pamene munthu sumangomvera aphunzitsi koma umasankha funso lako n'kulifufuza wekha mpaka kulemba buku. Funso langa linali lakuti: nkhondo ikathamangitsa anthu a m'malire, kodi amati kwawo n'kuti, ndipo iwo eni amadzitcha ayani?

Musamaganize kuti ku Ulaya n'kosangalatsa kwa munthu wopanda wake. Ndinkakhala m'kachipinda kapamwamba m'nyumba ya mayi wina wamasiye amene ankandiwerengera madzi osamba. Lamulungu ndinkapita ku Misa, n'kubwerera osayankhulana ndi munthu. Panapita nthawi yaitali osamva chinenero changa, moti ndinayamba kudziyankhula ndekha pochapa, kudzifunsa ndi kudziyankha, kuti lilime lisaiwale. Ndinali wosungulumwa kwambiri, ndipo ndinkachita manyazi kunena, popeza ndinkadya katatu pa tsiku pamene sindinkadziwa ngati amayi adya.

Woyang'anira kafukufuku wanga anali a Dotora Helena, mayi wanzeru, wosuta fodya mosalekeza, amene anawerenga mabuku onse onena za nkhondo za mu Afirika. Anali ndi mapu aakulu a chigawo cha Tete pakhoma, ndipo ankafuna kuti ndiwapake mitundu: kofiira kumene kuli boma, kobiriwira kumene kuli a kutchire. Ndinawauza kuti pali midzi imene asilikali a boma amadutsa Lolemba, a kutchire n'kudzatenga ufa Lachitatu, anthu ake n'kumagona ku Zambia koma kulima ku Mozambiki.

"Ndiye midzi imeneyo tiipaka mtundu wanji?" anandifunsa.

"Sindikudziwa, Dotora."

"Pitani mukafunse eni ake. Musabwere ndi maganizo anu, mubwere ndi mawu awo."

Anandipezera chilolezo, makina ojambulira mawu ndi makaseti. Iwo ankaganiza kuti akunditumiza ku ntchito. Ine mumtima ndinkati ndikupita kukafuna amayi.

1990, Cassacatiza

Ndinafika pa Cassacatiza chilimwe, chimanga chitakololedwa. Pamalopo panali podzaza anthu othawa nkhondo, ena m'misasa ya udzu m'mbali mwa msewu, ena akuwoloka m'mawa n'kubwerera madzulo. Mkulu wa asilikali anandipatsa kachipinda kuseri kwa ofesi ya malire n'kundichenjeza kuti ndisapitirire pamene pathera misasa. Asilikali ankanditcha dotoro, monga amatchulira aliyense wophunzira kwambiri, ndipo dzina limenelo ndi limene linafala. Ndinali nditanenepa, ndili ndi ndevu ndi magalasi, ndipo Chinyanja changa chinkatuluka chouma ngati cha wansembe wachizungu. Palibe amene anaganiza kuti ndine mwana wa m'boma lomwelo la Chifunde, ndipo ine sindinafulumire kunena, chifukwa pamalire sunkadziwa amene akumvetsera.

Ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango ndi makina anga, n'kumafunsa aliyense wovomera mafunso omwewo. Munachokera kuti? Kwanu n'kuti tsopano? Mumadziwa bwanji kuti malo ndi anu? Ndinkayembekeza kumva za minda, za mafumu, za mapepala a boma. Koma ambiri, akaganiza pang'ono, ankatchula manda. Mayi wina anati ku Zambia anamulandira bwino, anamupatsa ndi munda womwe, koma sangakutche kwawo chifukwa sanaikeko munthu. Bambo wina anati iye tsopano ndi wa pawiri, popeza mwana wake wagona tsidya lino, mkazi wake tsidya linalo. Ndinkalemba zonsezi mokondwa, monga amakondwera wophunzira akaona kuti buku lake layamba kuima.

Tsiku lina panakhala mkulu wina dzina lake a Yobe, wa mudzi woyandikana ndi Kamwala. Ndinawazindikira nthawi yomweyo, ankasoka nsapato pafupi ndi sikola ya Mualadzi. Iwo sanandizindikire. Ndinati ndiyambe ndi mafunso a ntchito, za kwathu ndifunse pomaliza. Atanena nawonso za manda, ndinawafunsa kuti nanga munthu akafera kutali, mtembo wake osapezeka, amakhala wa kuti.

"Aaa, dotoro, pamenepo sipavuta," anatero a Yobe. "Timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu ndi mphasa, n'kuliika m'manda ngati munthu. Timalira, timameta, zonse. Kuti naye akhale ndi pake pogona. Tinachita zimenezo ndi mphunzitsi wa ku Kamwala, mwana wa a Nambewe."

Makina anali akuzungulira. Ndinawayang'ana makinawo, chifukwa nkhope ya a Yobe sindikanatha kuiyang'ana.

"Mphunzitsi uti ameneyo?"

"Anselmo. Anapsera m'sikola ku Nsadzo. Ine ndinali nawo pokumba. Ali pa manda a Akatolika paja, kuseri kwa tchalitchi, mtanda wake ulipo."

"Anali munthu wotani?" Mpaka lero sindidziwa chimene ndinafunsira zimenezo.

"Mnyamata wabwino. Kungoti anali wonyada pang'ono. Akakwera njinga ya atsibweni ake, moni ankapereka ndi chibwano."

"Nanga amayi ake?"

"Alipo, anatsala komweko. Mayi uja analira mpaka mawu kutha, dotoro. Ine maliro ndaona ambiri, koma kulira kuja sindidzaiwala."

Ndinawathokoza monga ndinkathokozera onse, n'kuzimitsa makina. Ndinaganiza kuti wamalonda wa mchere uja sanafikitse uthenga, ndipo amayi akhala zaka zisanu akulira mwana amene akudya buledi ku Ulaya. Ndinatsimikiza zopita ku Kamwala, kaya mkulu wa asilikali afune kaya asafune.

Koma njira sindinkaidziwanso, ndipo a Yobe anali atanena kuti amayi a ku Kamwala amabwera pamsika wa pamalire nthawi zina, a kutchire akawalola, poti nawonso ankafuna mchere. Ndiye tsiku la msika lililonse ndinkaima pafupi ndi ogulitsa mchere. Anthu anayamba kunena kuti dotoro wapenga ndi mchere kapena akufuna mkazi. Mwezi unatha, wina n'kuyamba. Kenako ndinamuona Roza, ali ndi amayi ena awiri, dengu pamutu, atawonda moti ndinamuzindikira ndi kayendedwe kokha. Anandiyang'ana, ndipo nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono. Anatula dengu pafupi ndi mapazi anga, anawerama ngati akumanga nsalu, n'kunena motsitsa mawu, osadzutsa mutu: "Musanditchule dzina. Pitani kuseri kwa chigayo."

Chigayo chinali chikulira, ndipo n'chifukwa chake anasankha pamenepo. Tinayankhulana pakamwa pali pakhutu. Ndinayamba kumuuza kuti ndinatumiza uthenga, koma anandidula.

"Uthenga unafika, achimwene. Tinadziwa kuti muli moyo."

"Ndiye maliro aja, amene a Yobe anandiuza osandizindikira?"

"Sabata yomweyo a kutchire anabwera kunyumba. Ankati mphunzitsi wa boma wathawa ku Nsadzo, mwamubisa kuno. Anawamenya atsibweni mpaka dzino kuchoka. Anati tibweranso, tikapanda kumupeza tiwotcha nyumba ndi eni ake omwe. Atapita, atsibweni anatenga chikwanje n'kupita kudimba kukadula nthochi. Anauza mudzi kuti uthenga wabwera woti munapsera m'kalasi. Odziwa zoona ndife atatu basi: amayi, atsibweni ndi ine. Ngakhale amuna anga sadziwa."

"Amayi anavomera zimenezo?"

"Ndiwo anapereka nsalu yokulungira, ija munawagulira ndi malipiro anu oyamba. Anameta mpala. Mkulu wa a kutchire anabwera pamanda kudzaona ndi maso ake, mpaka anavula chipewa. Ndi yemweyo alipo lero, msasa wake uli kuphiri kuja, timamusenzera ufa."

Ndinamvetsa tsono. Ndikanatulukira ku Kamwala, sikukanakhala kubwera kwa mwana wotayika. Kukanakhala kuuza munthu wa mfuti, pamaso pa mudzi wonse, kuti mayi wokalamba anamupusitsa mpaka anavulira chipewa nthochi.

Ndinafunsa za moyo wa amayi. Roza anati akutsokomola kuyambira nthawi ya dzinja, kumunda sapitanso, ndipo chifuwa chake si cha masewera. Anati ulendo uliwonse wobwera kumalire amayi amamupatsa mawu omwewo, ngakhale sankadziwa ngati ndidzapezeka. "Amati, ukadzamuona umuuze kuti ndikufuna kumuona ndisanafe. Bodza ndinanena ndine, akadzafunsa ndidzayankha ndine."

"Ndiye ndipita nawe lero."

"Mawu a amayi ndafikitsa," anatero Roza. "Tsopano ndinene anga. Ine ndili ndi ana atatu, achimwene. Atsibweni akalamba, sangathawe. Pa Kamwala palibe amene sakudziwani, ndevuzi anganyengeke nazo a Yobe okha. Sindikukuletsani, amayi ndi anu. Tinyamuka dzuwa likapendeka. Mukafuna, mutitsate patali."

Ana anga, m'mabuku amene ndinawerenga munali zambiri za anthu okakamizidwa kusankha mbali pa nkhondo. Munalibe za munthu wosankha pakati pa kuona amayi ake ndi kuwasiya amoyo. Ndinaima pamenepo, fumbi la ufa likutigwera. Ndinaganiza zopita mobisala, kukafika kudimba, Roza n'kuwabweretsa amayi kumeneko. Koma mayi wodwala satuluka m'mudzi osaonedwa, ndipo amayi ndinkawadziwa: akanandiona sakanatha kubwerera kunyumba ndi nkhope ya namfedwa. Chimwemwe chawo chomwecho chikanatipereka. Anthu atatu anasenza bodza limeneli zaka zisanu, tsiku ndi tsiku, kuti ine ndikhale moyo ndi iwo akhale moyo. Ine ndinkafuna kuligwetsa chifukwa cha tsiku limodzi.

"Ukawauze kuti ndanenepa," ndinatero.

"Basi?"

"Ukawauze kuti ndikuphunzirabe, ndipo ndikamaliza ndidzaposa upurofesoro. Ukawauze kuti sindibwera."

Roza sanalire, ndipo sanandithokoze. Ndinafuna kumugulira mchere wambiri, sopo, mankhwala a chifuwa, koma anakana zonse kupatula mapiritsi ochepa amene anamanga pa mfundo ya nsalu. Anati katundu wochuluka adzafunsidwa kumene wachokera. Pochoka anandigwira pamkono n'kunditsina kolimba, mpaka ndinadzidzimuka. "Adzandifunsa ngati ndinakukhudzani," anatero.

Dzuwa litapendeka ndinaima pamene pathera misasa, n'kuwaona amayi atatu aja akulowa m'njira ya kutchire, madengu pamutu. Roza sanacheuke. Ndinabwerera kukachipinda kanga, ndinatenga kaseti ya a Yobe n'kujambulapo phokoso la msewu mpaka mawu awo onse atafufutika. Ndinakhala pa Cassacatiza mwezi wina ndikufunsa anthu kuti kwawo n'kuti. Sindinasungulumwepo chotero, ngakhale ku Ulaya.

1991, ku Ulaya

A Dotora Helena anaona kuti ndabwera wina. Atandipanikiza, ndinawauza nkhaniyi mwachidule. Anazimitsa fodya, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita pakati pa ndudu, ndipo anandipepesa. Koma anali mphunzitsi, ndipo patapita masiku anaibweretsanso.

"Anselmo, buku lanu lonse likunena kuti anthu amadziwa kwawo ndi manda. Inu muli ndi manda, ndipo ndi manda omwewo akukuletsani kupita kwanu. Mtima wa bukuli ndi umenewu. Sinthani mayina, mulembe."

"Sikola ya aphunzitsi awiri imene inapsa ku Nsadzo ndi imodzi yokha, Dotora. Ngakhale ndisinthe mayina, wa kwathu adzadziwa."

"Ndani adzawerenga buku la mesitrado kutchire?"

"Akuluakulu ena a anthu a kutchire aja amakhala mumzinda uno. Amawerenga."

Sanandikakamizenso. Tsiku loteteza bukulo, mmodzi wa ondiyesa, bambo wa tsitsi loyera, anati ntchitoyo ndi yabwino koma youma, ndipo zikuoneka kuti wolembayo nkhondoyi anaionera patali. Ndinayankha kuti ndamva, ndidzayesa kukonza. Anandipambanitsa. Madzulo ake ndinagula nkhuku yowotcha n'kukadyera ndekha m'kachipinda kanga, popeza panalibe womuuza.

1993, Kamwala

Mtendere unasainidwa mu 1992, ine ndikuphunzitsa kale pa koleji ya aphunzitsi ku Tete. Ndinadikira mpaka a kutchire atatsika kuphiri ndi njira zitayamba kuyendeka. Ndinafika ku Kamwala masana, wapansi, ndevu nditameta. Mayi woyamba kundiona anataya mtsuko n'kuthawa. Posakhalitsa mudzi wonse unali utaima patali, palibe woyandikira. Kenako anatulukira atsibweni, akuyenda ndi ndodo, phulusa lili m'mbale. Kwathu munthu amene analiridwa maliro salowa m'mudzi chabe. Amamuwaza phulusa, kuti ngati ndi mzukwa uzimiririke, ngati ndi munthu atsale. Atsibweni ankadziwa bwino lomwe kuti ndine munthu, nthochi anadula okha, koma anandiwaza mokwanira, kumutu mpaka kumapazi, anthu onse akuona. Nditayetsemula, wina anaseka, ndipo pamenepo m'pamene amayi a m'mudzi anayamba kulira ndi kundigwira.

Ndinayang'ana pakati pawo, kufunafuna amayi anga. Roza anandigwira dzanja n'kupita nane kuseri kwa tchalitchi.

Amayi anamwalira m'dzinja la 1991, nthawi imene ine ndinkalemba mutu womaliza wa buku langa. Mtumbira wawo unali pafupi ndi wina wakale, wosesedwa bwino, wokhala ndi mtanda wa mtengo wa mlombwa. Pa mtandapo panali dzina langa, lolembedwa ndi chitsulo chamoto, ndi chaka cha 1985.

"Anasankha okha malowa," anatero Roza. "Anthu ankati mayi uyu chisoni chamupweteka mutu, chifukwa ena amasesa manda mwezi wa Novembala wokha, koma iwo ankabwera sabata iliyonse. Ankakhala apa n'kumayankhula. Anthu ankaganiza kuti akulira. Ine ndinkamva. Ankakuuzani nkhani za pamudzi: mbuzi yabereka, mvula yachedwa, Roza wakangana ndi mwamuna wake. Ankati kulibe kwina kumene angatchule dzina lanu mokweza popanda wowafunsa."

"Nanga utawauza kuti sindibwera?"

"Mawa lake anandifunsa kuti, wati wanenepa? Ndinati eya, ndinamutsina, mnofu ulipo. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anabwera kuno ndi tsache. Ndinawamva akuti, apurofesoro, mwachita bwino, koma mwandipweteka."

Ndinakhala pansi pakati pa mitumbira iwiriyo, phulusa likadali m'tsitsi, ndipo ndinalira monga sindinalirepo chibadwire.

Patapita masiku, atsibweni anasonkhanitsa akuluakulu a mpingo ndi a pamudzi. Anagwirizana kuti mtanda uzulidwe ndi mtumbira usalazidwe, popeza si bwino munthu wamoyo kukhala ndi manda. Ndinawapempha kuti asatero. Tinakangana, katekisita anati sanamvepo zotere, atsibweni anati ndikudziitanira tsoka. Ndinawauza kuti zaka zonse zija ndinayendayenda, ku Tete, ku Ulaya, pamalire, ndikufunsa anthu kuti kwawo n'kuti, malo okhawo amene amayi ankandipeza anali amenewa. Pomaliza atsibweni anagwedeza mutu n'kunena kuti sikola yandiwononga, koma mtandawo anausiya.

Buku lija lili pa shelefu m'chipinda changa, mukhoza kuliwerenga mukafuna, ngakhale ndikudziwa kuti simudzatero. Nkhani iyi mulibemo. Ndinaphunzitsa zaka zambiri za nkhondo, malo ndi mtundu wa anthu, ndipo ophunzira anga ankati ndine wovuta, ndimawaletsa kupaka mapu mitundu asanafunse eni ake. Sindinawauze chifukwa. Amayi anu okha ndiwo ankadziwa, ndipo anapita nacho chinsinsicho.

Paulo, wakhala ukunena kuti wapeza malo abwino kumanda a mumzinda, pafupi ndi msewu, kuti musadzavutike pobwera kudzandiona. Ndathokoza, mwana wanga, koma malo ndili nawo kale. Msewu wa ku Mualadzi ndi woipa, mudzanditukwana m'njira, ndikudziwa. Mukadzafika mudzafunse ana a Roza, adzakusonyezani kuseri kwa tchalitchi. Adzukulu akadzakumba sadzapeza kanthu, nthochi inawola kalekale, mwina tizidutswa ta nsalu basi. Timeneto mudzatisiye momwemo. Mtanda ndinaupaka mafuta chaka chatha, ukadali wolimba, ndipo dzina lilipo kale. Chaka cha 1985 musadzachifufute, amayi anachilipira ndi misozi yeniyeni. Mudzangolemba chinacho pansi pake.